Funso pa Miyambo 25:19, dzino lothyoka ndi phazi lobinya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni pa vesi ili lomwe tikaphunzire ku mphakati wathu ku Chinamwali Lachitatu likudzali. Limati kudalira munthu wosakhulupirika pa nthawi ya mavuto kuli ngati dzino lothyoka kapena phazi lobinya.

Fanizolo ndikulimva. Dzino lothyoka silivuta pomwa phala, koma taluma chimanga chokazinga uone. Phazi lobinya nalonso ukakhala pansi limakhala phee, limadzakugwetsa utasenza mtolo wa nkhuni potsika phiri la Zomba. Chilema chake chimaoneka pomwe ukuchifuna kwambiri chiwalocho.

Pomwe pandivuta ndi pa mawu a Chihebri akuti boged, omwe m'vesili anawamasulira kuti "wosakhulupirika" ndipo amanena za munthu wachinyengo, woswa pangano. Ndiye kodi mnzako amene walephera kukubwereka ndowa ya chimanga mu Febuluwale chifukwa nkhokwe yake nayonso yatha, tingamuike m'gulu limeneli? Ine ndikuona kuti ayi, koma ambiri amalalikira vesili ngati likunena aliyense amene sanaoneke pa maliro.

Chachiwiri, pa Yobu 6:15-17 Yobu akuyerekeza abale ake ndi mitsinje youma m'chilimwe, ndipo akuwadzudzula poyera. Koma pa 2 Timoteo 4:16 Paulo, onse atamusiya, akupempha kuti mlanduwo usawerengedwe pa iwo. Abusa ndi inu amene munaphunzira Chihebri, Miyambo 25:19 ikutiuza kusiya kumudalira munthuyo kokha, kapena kuthetsa chibwenzi chonse?