Funso: kodi "ng'oma yoliritsa sikhalira kusweka" n'kutanthauzanji kwenikweni?

Wofunsa:

Akuluakulu, ndithandizeni ndi mwambi uwu, chifukwa wandisowetsa mtendere sabata yathunthu.

Amalume anga anandipatsa wailesi yawo yakale, ija ya ampulifaya payokha ndi masipika awiri amatabwa. Ndikaikamo CD, voliyumu ili pa 3 pokha, mawindo amanjenjemera. Koma ndikalumikiza tabuleti ndi waya wa 3.5 mm wopita ku mabowo a AUX, nyimbo yomweyo imamveka ngati ikuimbidwa kwa aneba. Kuti ndimve bwino ndimayenera kukweza mpaka 7 kapena 8, ndipo mtima sukhala m'malo, kuopa kuwotcha mphatso ya amalume. Ndiye ndinaika ka apu kokweza mawu pa tabuletipo, n'kukoka kamzere kake mpaka kumapeto. Mawu anakweradi, koma oimba onse anasasa mawu, ndipo ng'oma ikagunda mumamveka kuthetheka ngati nkhuni pamoto.

Amalume atabwera kudzationa, anamvetsera osakwana mphindi imodzi. Anawerama, n'kuika chikhatho pa kansalu ka kutsogolo kwa sipika, n'kunena kuti, "Mphwanga, ng'oma yoliritsa sikhalira kusweka." Basi, anayamba kufunsa za ana. Ine manyazi anandigwira, sindinafunse.

Mawu akuti "sikhalira" ndi amene akundizunguza. Kukhalira kumene ndikudziwa ine ndi kukhalira mpando. Ndiye ng'oma ikukhalira chiyani? Komanso "yoliritsa" ndi yolira kwambiri kapena yoliritsa anthu? Ndipo amalume ankandichenjeza za voliyumu ya wailesi, kapena ankanena ine ndemwe?

Mphunzitsi wopuma:

Mwafunsa bwino, achimwene, ndipo musachite manyazi. Kayankhulidwe kameneka kakusowa pakamwa pa achinyamata.

"Sikhalira" pano si kukhalira mpando ayi. Kukhala kumatanthauzanso kutenga nthawi, ngati mmene timanenera kuti "mwakhalitsa" kwa munthu amene wachedwa kubwera. Ndiye munthu akati "sakhalira kudwala", akunena kuti sachedwa kudwala, pang'ono pokha wagona kale. "Mwana uyu sakhalira kulira", ndiye kuti misozi ili pafupi. Ng'oma sikhalira kusweka, ndiye kuti sitenga nthawi isanasweke.

Pa "yoliritsa" mwagwira pabwino, chifukwa kachidutswa ka -its- kali ndi ntchito ziwiri. Kamatha kusonyeza kuchititsa, ngati "wamuliritsa mwana". Kamathanso kusonyeza kuchita mwamphamvu, ngati "gwiritsa chingwecho" kapena "yang'anitsa". Mu mwambiwu ndi ntchito yachiwiriyo. Ng'oma ikulira kuposa zinzake. Tikafuna kunena za munthu wochititsa ng'oma kulira tili ndi mawu ena, timati akuiliza, monga inunso mumailiza wailesi.

Tanthauzo lake: chinthu chikafika pachimake, chikamveka ponseponse, mapeto ake ali pafupi. Amauza munthu amene watchuka n'kuyamba kudzimva, kapena wochita chilichonse mopitirira muyeso.

Mayi wa ana anayi:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine ndinaumva mosiyana pang'ono. Agogo anga aakazi ankati "ng'oma yolira sichedwa kung'ambika". Kung'ambika, osati kusweka. Ndipo ine ndimaona kuti ndiko kolondola, poti chimene chimayamba kufa pa ng'oma ndi chikopa. Thabwa limatha kukhala zaka, zikopa zikusinthidwa.

Komanso agogo sankaunena kwa munthu wodzikuza. Ankaunena momvera chisoni. Ankati ng'oma yolira bwino ndi imene aliyense amaithamangira, zinzake zili phee pambali, ndiye imamenyedwa usiku wonse mpaka kung'ambika. Ankanena mwambiwu poona mayi anga, amene pabanja ponse anali okhawo osakana ntchito, wodwala aliyense kwa iwo, vuto lililonse kwa iwo. Mpaka lero ndikaumva, sindiganiza za wonyada. Ndimaona mayi anga atakhala pansi madzulo, akusisita mawondo.

Mphunzitsi wopuma:

Mayi, zikomo, mwandiwonjezera nzeru. Zonse ziwiri zimanenedwa, ndipo mwambi ukamayenda pakamwa mawu amasinthasintha. Tanthauzo la agogo anulo sindinaliganizepo mozama chotero. M'kamvedwe kanga wolakwa ndi ng'oma, m'kamvedwe kanu wolakwa ndi woimba. Kwa achimwene athuwa ndikuona ngati kamvedwe kanu ndi kamene kakugwira, poti wailesi sinadzikweze yokha.

Wokonza mawailesi:

Za Chichewa ndasiyira eni ake. Ine ndilankhule za chikhatho chimene amalume anu anaika pa sipika, chifukwa ndikukhulupirira kuti anamva chimene ine ndikanamva.

Choyamba, tabuleti yanu sinawonongeke, wailesinso ili bwino. Makina a CD amatulutsa magetsi a pafupifupi 2 V (ma volt awiri) nyimbo ikafika pamwamba penipeni. Bowo la mahedifoni la matabuleti ndi mafoni ambiri limatulutsa pakati pa 0.5 V ndi 1 V, chifukwa analipangira timasipika tolowa m'khutu, tongofuna mphamvu yochepa. Kuchoka pa 2 V kufika pa 1 V mwataya 6 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu). Kufika pa 0.5 V mwataya 12 dB, ndipo khutu la munthu limamva kutsika kwa 10 dB ngati phokoso lachepa ndi theka. Zipangizo zopangidwira ku Ulaya nthawi zambiri amazitsitsa dala chifukwa cha malamulo oteteza makutu. Kachingwe ka Apple kochoka pa USB-C kupita pa 3.5 mm ndi chitsanzo chodziwika: kogulitsidwa ku America kamatulutsa pafupifupi 1 V, ka ku Ulaya pafupifupi theka lake.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, achimwene. Inu mukuopa nambala 8 ya pa wailesi, koma nambalayo sinena kuti ampulifaya ikutopa. Chopotokola cha voliyumu chili ngati mpopi. Chimangotsegula kapena kutseka njira ya zimene zikulowa. Zolowazo zikakhala zochepa, mukatsegula kwambiri ampulifaya imatulutsa mphamvu yomweyo imene inkatulutsa pa 3 ndi CD. Sikutentha kuposa pamenepo, masipika sakuvutika kuposa pamenepo. Chimene mungamve ndi kamphepo pang'ono ka "sss" nyimbo ikasiya. Ngozi yokhayo ndi kuiwala. Mukabwerera ku CD kapena ku nkhani za pa wailesi chopotokolacho chikadali pa 8, nyumba yonse idzadzidzimuka, ndipo masipika akhoza kuvulala. Tsitsani kaye musanasinthe.

Ka apu kanu ndiko kondidetsa nkhawa. Mawu a m'tabuleti ndi manambala, ndipo manambalawo ali ndi denga, limene timalitcha 0 dBFS. Nyimbo zambiri za masiku ano zimajambulidwa zitafika kale pafupi ndi dengalo. Apu singawonjezere magetsi otuluka pabowo, ilibe mphamvu imeneyo. Imangochulukitsa manambala, ndipo akagunda denga nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, zimakhala zaphwatalala. Kusasa ndi kuthetheka mukumvako ndi komweko. Mafunde odulidwa nsonga amabala timawu tina tapamwamba timene munalibe m'nyimbo, komanso amasunga mphamvu ili pamwamba nthawi yonse osapumira. Zonsezo zimathera pa ka tweeter, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala, kamene waya wake wamkati ndi wowonda ngati tsitsi. Ndatsegula masipika ambiri okhala ndi ka tweeter kopsa, sipika yaikulu ili bwinobwino.

Chotsani apuyo lero. Kwezani voliyumu ya tabuleti mpaka kumapeto kapena kutsala kamodzi, ndipo ikakufunsani za kuteteza makutu vomerani, poti kumapeto kwa wayawo kulibe khutu. Yang'ananinso mu apu yoimbira nyimbo. Spotify imalinganiza phokoso la nyimbo zonse pa mulingo umodzi, -14 LUFS, ndiye nyimbo zaphokoso imazitsitsa, ndipo mukhoza kuzimitsa zimenezo. Pa iPad chofanana nacho amachitcha Sound Check. Ngati munasintha equalizer, ija yokweza kapena kutsitsa besi ndi mawu opyapyala, ibwezereni pakati, chifukwa nayonso imatha kudya mawu.

Chomaliza chimene ambiri amachiphonya ndi kava wa tabuleti. Kava wokhuthala amaletsa pulagi kulowa mpaka kumapeto. Ikatsala ngakhale milimita imodzi, mawu amapyapyala, woimba amamveka ngati ali m'chitsime pomwe zoimbira zina zikumveka. Vulani kavayo, kanikizani pulagi mpaka imveke kuti tha.

Wofunsa:

Bambo, mwanditsegula maso. Apu ndachotsa. Ndinavulanso kava, ndipo n'zoona, pulagi inkatsala pang'ono, kamzere kachitsulo kankaonekera kunja. Mawu adzadza tsopano.

Koma ndiulule china. Ndisanaike apu ija ndinayesa mabowo ena kumbuyo, olembedwa PHONO. Pamenepo mawu anakwera koopsa voliyumu ili pa 1 pokha, koma besi inali ngati bingu m'mgolo. Kodi ndikatsitsa tabuleti kwambiri, pamenepo sipangagwire ntchito?

Wokonza mawailesi:

Ayi, achimwene, pamenepo musabwererenso. Mabowo a PHONO ndi a galamafoni. Singano yoyenda pa mbale imatulutsa timagetsi tochepa zedi, 3 mpaka 5 mV (volt imodzi ili ndi 1,000 mV), ndiye mkatimo muli kaampulifaya kena kokuza mawu pafupifupi ka 100. Inu munakathira magetsi oposa amene kamayembekezera ka 100 komweko. Bingu lija lili ndi chifukwa chakenso. Pojambula mbale amachepetsa dala besi n'kukweza mawu opyapyala, ndipo mabowo a PHONO amabweza zimenezo motsatira muyeso wa ojambula mbale wotchedwa RIAA, kukweza besi yapansi penipeni ndi pafupifupi 20 dB n'kutsitsa zapamwamba ndi muyeso wofanana. Nyimbo ya m'tabuleti sinachepetsedwe besi, ndiye ikukwezedwa popanda chifukwa. Ngakhale mutatsitsa bwanji, idzamvekabe ngati ili m'mgolo.

Mabowo a AUX, CD, TUNER ndi TAPE IN onse amalandira mofanana, gwiritsani aliwonse. Lofiira ndi la kumanja, loyera la kumanzere.

Ngati nambala 7 ikukuvutanibe mumtima, kapena mwafika kumapeto koma phokoso silikukwana, njira yeniyeni ndi kuwonjezera magetsi, osati manambala. Pali tizipangizo totchedwa DAC, tosandutsa manambala aja kukhala magetsi a mawu, tolumikiza pa USB ya tabuleti, ndipo tambiri timatulutsa 2 V ngati makina a CD. Werengani pabokosi musanatenge, chifukwa si tonse. Kaampulifaya ka mahedifoni koikidwa pakati pa tabuleti ndi wailesi nakonso kamachita ntchito yomweyo. Mukamva kung'ung'uza tabuleti ili pa tchaja, zulani tchajayo muone ngati kusiya. Kukasiya, vuto ndi tchaja, osati wailesi.

Mayi wa ana anayi:

Ine za ma volt sindikuzidziwa, koma zimene bambo anena za denga zandikumbutsa mmene ng'oma imakonzedwera. Chikopa chikalefuka amachiwamba pamoto kuti chikungike, ndipo woimba amachigogoda ndi chala, n'kubwezanso pamoto, n'kugogodanso, mpaka amve kuti chafika. Wosadziwa amasiya pamoto nthawi yaitali pofuna kuti ilire kuposa ya mnzake. Imaliradi mokweza, mawu ake owuma, koma chikopa chakungika kale mpaka pomaliza ndipo chilibenso potambasukira. Dzanja likagunda mwamphamvu kamodzi, chang'ambika.

Mphunzitsi wopuma:

Ndiye achimwene, funso lanu lachitatu layankhidwa ndi anzangawa. Inu munkaganiza kuti ng'oma yoliritsa ndi wailesi yokwezedwa pa 8. Amalume anu sanayang'ane n'komwe chopotokolacho, mwanena nokha kuti anaika dzanja pa sipika. Anamva kuthetheka, ndipo khutu lawo linadziwa kuti china chake chakungidwa kupitirira malire, ngakhale kuti za 0 dBFS mwina sanazimvepo.

Koma ngati ankanenanso inuyo, zimenezo ife sitingadziwe. Wamkulu akaponya mwambi n'kusintha nkhani, nthawi zina amakhala waponyera mbalame ziwiri. Inu ndi amene mukudziwa mmene mukukhalira masiku ano.

Wofunsa:

Ndinawaimbira foni amalume usiku wathawu. Ndinawauza kuti apu ndachotsa, ndipo ndinayandikitsa foni pa sipika kuti amve okha, tabuleti ili kumapeto, wailesi ili pa 6. Anamvetsera nyimbo yonse mpaka kutha osanena kanthu. Kenako anati masipika amenewo anakhala nawo zaka zoposa 30 ndipo sanawatsegulitsepo kwa mmisiri.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati mwambi uja unali wa wailesi yokha. Anaseka pang'ono, n'kundifunsa kuti ndimagona nthawi yanji chiyambire ntchito yachiwiri ija. Ndinawauza zoona, kuti nthawi zambiri 1 koloko ya usiku imandipeza ndili maso, ndipo 5 koloko ndadzuka. Anangoti, "Eya." Tagwirizana kuti abweranso Loweruka, ndipo akuti abweretsa mbale zawo zagalamafoni kuti ndimve chimene mabowo a PHONO anapangidwira.