Kasitomala watenga simenti pa ngongole ndipo wasiya kuyankha foni: nditani?

aChisale, Mchesi:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa malonda. Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, ndipo ambiri mwa makasitomala anga ndi amisiri amene amatenga simenti, malata ndi misomali pa ngongole, n'kudzalipira eni nyumba akawapatsa ndalama. Mmodzi wa iwo, amene takhala tikugulitsana bwino kwa zaka zingapo, anatenga matumba 80 a simenti chaka chatha, analipirako pang'ono, ndipo tsopano foni yanga sakuyankha. Tikakumana amati mwini nyumba ndiye sanamulipire. Umboni umene ndili nawo ndi dzina lake m'buku langa la ngongole komanso mauthenga a pa WhatsApp amene ankaitanitsira katunduyo. Achimwene anga akuti nditume anyamata akalande makina ake osakanizira konkire, pamene ena akuti ndikamumangitse kupolisi. Kodi njira yoyenera ndi iti?

aNaphiri, Limbe:

AChisale, za kutuma anyamatazo zisiyeni ndithu, chifukwa mukalanda katundu wa munthu popanda chilolezo cha khoti, mlandu umatembenuka ndipo woimbidwa mlandu mumakhala inuyo. Ine ndimagulitsa katundu wopikulitsa kwa eni magolosale, ndipo chimene ndaona n'chakuti ngongole yolembedwa m'buku la wogulitsa yekha, yopanda siginecha ya wokongola, imavuta kuitsata. Choyamba ndiye chikhale kupeza pepala. Muwapeze bambowo pamalo pamene akugwira ntchito, osati kunyumba pamaso pa akazi awo ndi ana, pakuti munthu akachita manyazi amayamba kukana ngakhale zimene akuzidziwa. Muwerengetsane modekha matumba amene anatenga, mtengo wake pa tsikulo ndi ndalama zimene anapereka kale, kenako mulembe zotsalazo, masiku olipira ndi kuchuluka kwa ndalama za ulendo uliwonse. Asayine, mulembe nambala ya chiphaso chawo cha unzika, ndipo pakhale mboni imodzi mbali iliyonse.

Musakane kulandira pang'onopang'ono, ngakhale ndalamazo zikuoneka zochepa. Azitumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, kuti tsiku ndi ndalama zizioneka zokha popanda kukangana. Ndipo ngati atanena kuti apereka gawo lalikulu lero mukawachotserako pang'ono, ganizirani mofatsa musanakane. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo amene tinali ndi ndalama m'manja mwa angongole tinapeza kuti zimene anatibwezera sizikanathanso kudzaza mashelefu amene katunduyo anachokapo. Ngongole ikamachedwa, mpamba ndiwo umatha.

aMbewe, Zomba:

Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki kukhoti, choncho ndionjezere za malamulo. Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa upandu, ndipo apolisi si ntchito yawo kutolera ngongole za anthu. Nkhani imakhala ya apolisi pokhapokha ngati pali umboni woti munthuyo anachita chinyengo potenga katunduyo, monga kugwiritsa ntchito dzina labodza. Nkhani yanuyi ndi ya pakati pa anthu awiri ochita malonda, ndipo njira yake ndi iyi. Mumulembere kalata yomuuza ndalama zimene muli nazo kwa iye ndi tsiku lomaliza kulipira, n'kumuchenjeza kuti likadutsa tsikulo mukasuma. Kalatayo mutha kulemba nokha, ngakhale kuti yochokera kwa loya anthu amaiopa kwambiri, ndipo musunge kope lake. Akapanda kulabadira, pitani kukhoti la majisitireti, kumene akalaliki adzakuuzani ngati kuchuluka kwa ndalamazo kukuloledwa kumeneko kapena n'koyenera ku High Court, imene ili ndi nthambi yoweruza milandu ya zamalonda. Khoti likagamula mokomera inu koma iye osalipirabe, ndi pamene masherifi, amene ntchito yawo ndi kukwaniritsa zigamulo za khoti, amapatsidwa chilolezo chokalanda katundu ndi kumugulitsa. Makina amene achimwene anu akuwalozawo angathe kutengedwa ndithu, koma ndi anthu amenewa, atanyamula chikalata cha khoti.

Mauthenga a pa WhatsApp musawafufute, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kukhala umboni. Koma lamulo lomwelo limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, ndiye chizolowezi chimene chafala choika chithunzi cha wangongole pa Facebook n'kumutchula kuti wakuba chikhoza kukubweretserani mlandu, kuphatikizapo woipitsa mbiri ya munthu.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kukhoti ngongole ili ndi nthawi yake. Pa nkhani za mgwirizano wa malonda, lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu asume, ndipo zikadutsa wangongole angathe kudziteteza ponena kuti mwachedwa. Apa ndi pamene pepala limene aNaphiri anena limathandizanso, chifukwa wangongole akavomereza ngongoleyo molemba ndi kusayina, kapena akalipirako gawo lina, zakazo zimayamba kuwerengedwa mwatsopano. Chimene sindingakubisireni n'chakuti kupambana mlandu sikutanthauza kulandira ndalama. Ndinaona anthu ambiri akutuluka m'khoti ndi chigamulo chabwino, atalipira kale zosumira ndi loya, masherifi n'kukapeza kuti munthuyo amakhala nyumba ya lendi ndipo galimoto imene amayendera ili m'dzina la mlamu wake. Musanasume, fufuzani kaye ngati ali ndi katundu wake weniweni.

aNabanda, Kasungu:

Ine ndikuona kuti tathamangira kukhoti tisanafunse funso loyamba: kodi n'zoona kuti mwini nyumba sanalipire? Simenti yanu ili m'khoma la nyumba imene ikudziwika, choncho pitani mukalankhule ndi mwiniwakeyo mwaulemu. Ngati anamulipira kale mmisiriyo, mudziwa kuti mukulimbana ndi munthu wabodza, ndipo mutsate zimene aMbewe afotokoza mosazengereza. Ngati sanalipiredi, khalani pansi atatu mugwirizane molemba kuti ndalama za simenti zizibwera kwa inu mwachindunji, osadzera m'thumba la mmisiri. Kuno kwathu timayang'ananso nyengo, pakuti ambiri omanga nyumba amadalira fodya, ndipo munthu amene analibe kanthu mu Januwale amapezeka ndi ndalama msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma. Masiku olipira muwaike pa nthawi imene ndalama zimalowadi. Ndipo mpaka ngongoleyi itatha, asatengenso ngakhale kilogalamu imodzi ya misomali popanda kulipiriratu.

aChisale, Mchesi:

Zikomo nonse, mawa ndiyamba ndi mwini nyumba. Funso lina kwa aMbewe: popeza simenti yakwera mtengo kwambiri kuchokera pamene anatenga, kodi ndingamulipiritse mtengo wa lero?

aMbewe, Zomba:

Simungasinthe mtengowo panokha, aChisale, chifukwa ngongole ndi ndalama zimene munagwirizana pa tsiku limene katundu anatuluka m'shopu, pokhapokha ngati munapangana kale za chiwongola dzanja. Chimene mungachite n'kumupempha kuti avomereze m'pepala latsopanolo kubweza matumba a simenti m'malo mwa ndalama, kapena kuonjezera ndalama zina akachedwanso; akasayina mwa kufuna kwake, umenewo ndi mgwirizano watsopano. Ngati nkhaniyi idzafika kukhoti, mudzalembe m'madandaulo anu kuti mukupemphanso chiwongola dzanja pa nthawi yonse imene ndalamazo zakhala kwa iye, ndipo woweruza ndiye adzaone ngati n'koyenera kukupatsani.