Malume a bambo anafa ndi mabala ku Burma: manda awo tingawapeze bwanji?

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Malume awo a bambo anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), anapita ku Burma (pano amati Myanmar) pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse akadali mnyamata, osabwerako. Kumudzi amati anali ofesala, ndipo anamwalira patapita masiku atawomberedwa. Tikufuna kuwamangira chiliza. Tiyambire pati kuti tidziwe tsiku ndi malo amene anagona?

Aphunzitsi a ku Katoto:
Achimwene, yambani ndi nambala yawo ya usilikali, dzina lokha limasokeretsa. Fufuzani m'masutikesi a agogo, mwina muli kalata kapena chikalata cha malipiro. Nambala zambiri za ochokera ku Nyasaland zinkayamba ndi DN. Mukaipeza, lowani pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ndi laulere, ndipo lili ndi omwalira pa nkhondoyo kuyambira 3 September 1939 mpaka 31 December 1947. Alembi a nthawi imeneyo ankalemba dzina monga alimvera, kawirikawiri dzina la munthu ndi la bambo ake, mfunda osaulemba. Choncho yesani kusinthanitsa l ndi r, yesaninso kutembenuza mayinawo.

Mfundo yoti anafa ndi mabala muigwiritse. Ikhoza kutanthauza kuti anzawo anawanyamula mpaka kwa achipatala, ndiye tsiku lomwalira si tsiku la nkhondoyo, malonso akhoza kukhala kutali ndi pamene anagwera. Asilikali athu anamenya m'chigwa cha Kabaw mu 1944, mvula ili pakati, ndipo ovulala ena ankapita nawo mpaka ku India. Musangoyang'ana Burma yokha. Manda ambiri a m'nkhalango anawasamutsira ku Taukkyan, pafupi ndi Yangon. Amene manda awo sanadziwike, mayina awo ali pa chipilala chotchedwa Rangoon Memorial m'manda omwewo.

Sajeni wopuma, Luwinga:
Za udindo zija musamale nazo, bambo. Nthawi ya nkhondo imeneyo, maudindo a lefutenanti ndi kaputeni mu Keyala anali a azungu. Munthu wakuda ankafika pa kopolo, sajeni kapena sajeni meja. Zimawawa, pakuti ntchito yotsogolera anyamata kutsogolo ankaigwira ndithu, koma pa mwala lembani zimene zili m'kaundula: nambala, udindo, dzina, batalioni, tsiku lomwalira, ndi malo amene anagona. Ngati batalioni sikudziwika, lemberani ku National Archives ku Zomba. Musapereke mwala kwa wozokota musanatsimikize zonsezi, chilembo chozokota sichifufutika.

Mayi a ku Zolozolo:
Ndionjezereko za chiliza. Poti thupi kulibe, mangani chipilala chachifupi, mutagwirizana ndi akubanja ndi amfumu za malo. Maziko akhale a konkire: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Thirirani madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, apo ayi chimang'ambika. Penti musadalire, chinyezi cha kuno chimabweretsa ndere msanga. Ikani mwala wozokota.

Tsiku labwino ndi 11 November kapena Lamulungu loyandikira, pamene dziko limakumbukira asilikali. Ikakwana 11 koloko m'mawa, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, kenako n'kuika nkhata za maluwa. Ngati mukufuna woimba lipenga kapena abusa a asilikali, lemberani mkulu wa ku Moyale Barracks kukadali nthawi, ndipo m'kalatamo muikemo nambala ndi batalioni ya malemuwo.