Foni ya m'nyumba yopanda chingwe: yodula ikusiyana pati ndi yotchipa?

Nachi_B:
Akuluakulu, tigawaneko nzeru. Nyumba ndi ya njerwa zootcha, zipinda zisanu, ndipo kuseri kuli kanyumba kena mamita ngati 30 kuchokera pabalaza. Tikufuna foni ya mabatani yoti agogo aziyimba okha osavutika. Achimwene ali ku UK akuti atumiza Gigaset kapena Panasonic ya DECT (mtundu wa foni ya m'nyumba yopanda chingwe), koma mitengo ikusiyana kwambiri. Yodulayo ili ndi chiyani? Nanga ikafika kuno igwira?

Fundi_wa_mawaya:
Mayi, musalipire zambiri poganiza kuti yodula imafika patali. Mafoni a DECT ogulitsidwa ku Ulaya onse amayenda pa 1880 mpaka 1900 MHz, ndipo mtunda wolembedwa pakatoni ndi umodzimodzi: mamita 50 m'nyumba, 300 pamtetete. Chimadya mtundawo ndi khoma. Njerwa zimachepetsa pang'ono, koma silabu ya konkire ya zitsulo ndi malata zimapha kwambiri. Base, chokhalira cha foni chija cholumikizidwa ku layini, iikeni pakati pa nyumba, pamwamba ngati pa shelefu, osati pansi kuseri kwa TV kapena pambali pa filiji. Ngati kukanyumbako mawu akudukaduka, onjezani repeater, kachipangizo kofikitsa siginolo patali, pawindo loyang'ana komweko. Zimitsaninso Eco mode, chifukwa imatsitsa mphamvu ya base ndipo mtunda umafupika.

Ndalama zanu zimapita ku izi: sikirini yaikulu yowala bwino, sipika yomveka mutaiika patebulo, makina olandira uthenga mukachoka, kutsekereza manambala ovutitsa, ndi Bluetooth yolumikiza foni yam'manja kuti ikalira, ya m'nyumba ilirenso. Kwa agogo chofunika ndi mabatani akuluakulu, batani lokwezera mawu la m'mbali, ndi mabatani oti akangodina limodzi yayimba kwa mwana wawo. Kukongola kwa galasi lakuda kuja n'kwa m'sitolo, zala zikangokhudza kwatha.

Za HD voice, mawu omveka bwino kwambiri amene amalengeza aja, chenjerani nazo. Imeneyo imadalira njira yotumizira mawu yotchedwa G.722, yomwe imanyamula mawu kuyambira 50 mpaka 7,000 Hz, pomwe waya wakale wa foni umathera pa 3,400 Hz. Ngati base mwailumikiza ndi kachingwe ka foni wamba ka RJ11, HD yo simuimva ngakhale foni idule bwanji. Imafuna base ya VoIP, kutanthauza yoyimbira pa intaneti, komanso mbali inayo ikhale nayo.

Mjomba_Tchaja:
Fundi anena zoona, koma funso loyamba ndi lakuti layini muitenga kuti? Foniyi ilibe malo a simu khadi. Pamafunika waya wa foni ya m'nyumba, kapena rauta ya 4G yokhala ndi dzenje la RJ11 lolembedwa TEL. Si marauta onse ali nalo, ndipo ena ali nalo koma simu yake siyilola kuyimba. Yesani kaye musanatumize uthenga ku UK.

Pulagi sivuta, ya mano atatu ya kumeneko ndi yomweyi, magetsinso ndi 230 V. Chosiyana ndi chingwe cha layini: cha ku UK kumapeto kwake kuli pulagi ya BT yotakata, yomwe silowa pa RJ11. Akuikireni adaputala yake m'katoni momwemo, chifukwa chingwe chongotola pamsika nthawi zina mawaya ake amakhala pa mapini ena, foni n'kungoti zii.

Ya ku America yolembedwa DECT 6.0 ikaneni ngakhale yaulere. Ili pa 1920 mpaka 1930 MHz, malo omwe kunja kwa America ndi a netiweki ya mafoni am'manja, ndipo matchaja ake ambiri ndi a 120 V.

Magetsi akathima base imathima, handset, foni yogwira m'manja ija, n'kumangolemba kuti ikufufuza ngakhale batire ili fulu. Ma Panasonic ena amatha kudyetsa base kuchokera ku handset yomwe yakhalapo, koma ndi kwa maola ochepa. Kuli bwino ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kosunga magetsi, kodyetsa rauta ndi base pamodzi. Onani mavoti olembedwa pa tchaja, musangobaya 12 V ya rauta pa base, mungaiwotche.

Nachi_B:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga mabatire akatha tidzawapeza kuno? Ndipo kukanyumbako tigule foni ina payokha?

Mjomba_Tchaja:
Sankhani yolowa mabatire awiri a AAA NiMH a 1.2 V, cha m'ma 750 mAh. Zija zopyapyala zokongola zimakhala ndi batire yakeyake, ikafa mudikira wina abwere nayo pa ndege. A alkaline a mu remoti musaikemo, akakhala pa tchaja amatentha n'kutayikira. Koyamba tchajani maola 7 kapena 8 osaichotsa. Ikamakana kutchaja, pukutani tizitsulo tiwiri ta pansi pa handset, fumbi ndi mafuta a m'manja ndiye amatseka.

Fundi_wa_mawaya:
Base ina ayi. Base imodzi ya Gigaset kapena Panasonic imalandira ma handset angapo, mitundu yambiri mpaka 6, ndipo wowonjezerayo amangofuna soketi ya tchaja yake. Polembetsa, dinani batani la pa base osalisiya kwa masekondi ngati asanu, pa handset musankhe Register, PIN yochokera kufakitale ndi 0000. Ya kampani ina imalowanso ngati zonse zili ndi GAP, muyezo wothandiza mafoni a makampani osiyana kulumikizana, koma mumangopeza kuyimba ndi kulandira, buku la manambala ndi makina a uthenga kawirikawiri sizigwirizana. Ma handset awiriwo amayimbirana okhaokha osadya mayunitsi, ngakhale layini itafa, bola base ikhale yoyaka.