Achimwene anavulala msana, kodi jakisoni wa mahomoni tigule?

Moni nonse pa gulu. Ndili ku Mufakose kuno ku Harare. Achimwene anga anachita ngozi ya kombi, fupa la msana n'kufinya mtsempha waukulu uja wa mumsana. Adokotala akuti sunadukiretu. Mwendo wakumanzere ukautsina amamva, chala chachikulu chimagwedezeka pang'ono, koma wakumanja uli zii. Pokodza ndi catheter.

Alamu anga awerenga pa intaneti kuti homoni ya progesterone imakonza myelin, ndipo apeza kale munthu wogulitsa majakisoni, akuti ochokera ku Johannesburg, mtengo wake madola osati masewera. Mayi wina kutchalitchi akuti bwanji osangowabaya Depo yakulera, poti ndi progesterone yomweyo. Mutu waima. Odziwa, tithandizeni tisanagulitse filiji.

Anaphiri a ku Highfield:
Pepani achemwali. Alamu anuwo sananame zonse. Myelin ndi chikuto cha mafuta chokulunga timitsempha, ngati pulasitiki wa pa waya wa magetsi. Mumsana chimapangidwa ndi maselo otchedwa oligodendrocyte. Munthu akavulala, maselowa amapitiriza kufa kwa milungu, ndiye ngakhale timitsempha tosaduka timalephera kutumiza uthenga bwino. Pa makoswe ovulazidwa msana, progesterone inathandizadi maselo ang'onoang'ono kukhwima n'kuyambanso kupanga myelin. Koma pa anthu nkhani inasintha. Mu 2014 munatuluka zotsatira za akafukufuku awiri akuluakulu, ProTECT III ndi SyNAPSe, pa anthu ovulala m'mutu: olandira progesterone sanachire kuposa anzawo amene sanalandire, chonsecho anawapatsa maola oyambirira penipeni. Komanso myelin imakuta mtsempha umene ulipo, silumikiza wodukiratu.

Abanda:
Za Depo zokha ayi chonde! Imeneyo ndi medroxyprogesterone, yopangidwa mufakitale, si yofanana ndi ya m'thupi. Imachepetsa mphamvu ya mafupa, pamene mafupa a miyendo yosayenda amayamba kale kufooka okha. Wina akakuuzani za homoni ya estrogen muthawenso, imachititsa magazi kuundana, ndipo munthu wogona chonchi ali kale pachiopsezo chimenecho. Botolo la wogulitsayo lili ndi nambala ya MCAZ, bungwe lovomereza mankhwala muno mu Zimbabwe? Mumufunse muone mmene ayambire chibwibwi.

Nangozo wa ku Epworth:
Ine sukulu ya zimenezi ndilibe, koma ndinasamalirapo malume. Chimene chinatsala pang'ono kuwatenga si msana, chinali chilonda cha pathako. Chinayamba ngati kufiira chabe, kukula ngati kobili, osachoka ukadina ndi chala. Muziwatembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, ndipo muziona zidendene. Mkodzo ukada kapena kununkha, thupi n'kutentha, musadikire kuche. Ndalamazo sungirani fiziyo ndi matiresi abwino. Kafunseni ku zipatala za fiziyo za St Giles kapena Ruwa.

Achisale:
Komatu tisanyoze mahomoni onse. Amuna ambiri ovulala msana testosterone yawo imatsika, ndipo homoni ya chithokomiro nayo imagwira ntchito pokhwimitsa maselo a myelin aja. Ngati magazi aonetsa kuti yaperewera, adokotala amatha kuwonjezera.

Anaphiri a ku Highfield:
Zoona bambo, koma kumeneko n'kubwezera chimene chasowa atayeza. Ya chithokomiro ikachuluka mtima umathamanga. Achemwali, pa tsiku la kiliniki mufunse kuti achimwene ali pa chilembo chiti pa sikelo ya ASIA yoyezera kuvulala kwa mtsempha wa mumsana, imayambira A mpaka E. Chala chikugwedezekacho n'chizindikiro chabwino, ndipo kusintha kwambiri kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira mpaka chaka, nthawi imene fiziyo safunika kujomba.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, filiji yapulumuka. Vuto latsala ndi alamu. Anamupatsa kale theka la ndalama wogulitsa uja, ndipo ndikangoyamba kulankhula akumati sindikufuna kuti amuna awo ayendenso. Ndipite nawo kwa adokotala akadzimvere okha, kapena ndiyambe ndauza amalume?