Thandizeni, andisiyira ana kuti afufuze za anthu a mtundu wa Shasta

Membala wobisa dzina: Mwaswera bwanji abale. Admin chonde dzina langa lisatuluke, apongozi anga ali pagulu pano. Ndimathandizira aphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno kumpoto kwa California. Eni kalasi ali pa tchuthi cha uchembere, ndiye wogwirizira wangondikankhira ine ntchito yoti ana afufuze za a Shasta, amodzi mwa eni nthaka a kuno asanabwere azungu, zakudya zawo, nyumba zawo, miyambo yawo. Malipiro ndi omwe aja. Bambo a kunyumba amagwira usiku, galimoto ndi imodzi, ndimafika kusukulu nditatheratu, printa ya mu ofesi nayo ntchito kutafuna mapepala. Dzulo kamwana kena kandifunsa ngati a Shasta alipobe. Ndiyambire pati? Ndimati Loweruka ndikagule nthenga ndi makatoni tipange ma tepee, matenti osongoka aja a eni nthaka a ku America.

Nabanda: Anawo ndi a giredi chani, ndipo muli tawuni iti?

Bambo a Tadala: Mayi, nthengazo zisiyeni m'sitolo momwemo! Tepee ndi za a Lakota ndi anzawo a ku zidikha za pakati pa America. A Shasta nthawi yozizira ankakhala m'nyumba zokumbira pansi, denga la matabwa, kukafunda n'kusamukira m'misasa ya nthambi. Kwawo ndi ku Shasta Valley, Scott Valley, m'mbali mwa mtsinje wa Klamath, mpaka kudutsa malire kulowa Oregon cha ku Ashland. Golide atapezeka ku Yreka mu 1851 okumba migodi anakhamukirako, anthuwa n'kuphedwa ndi kulandidwa malo. Chaka chomwecho Redick McKee, nthumwi ya boma la America, anasainirana nawo pangano ku Scott Valley, koma mu 1852 nyumba ya malamulo ya Senate inakana mapangano onse 18 a mu California. Ana amve zimenezo, osati zomata makatoni.

Che Wisiki: Achemwali, Amalawi a galimoto imodzi ndi mwamuna wa usiku kumpoto kwa California muliko angati? Apongoziwo akuzindikirani kalekale.

Mayi a Mphatso: Ine mukanena za mapulojekiti a sukulu mutu umandiwawa. Wanga ali giredi 4 anamuuza amange kanyumba ka mishoni. Ndinachezera usiku ndi guluu, zala zonse zomatana, m'mawa denga linagwera m'galimoto pa hampu. Aphunzitsi ake anangolemba kuti mwana azichita yekha. Musawapatse zopita nazo kunyumba, mutizunza makolo.

Anganga a ku Sacramento: Ana athu enieni sadziwa mfunda wawo, kupereka moni kwa akulu ndi nkhondo, koma tili kalikiliki ndi miyambo ya eni ake. Zikomo.

Bambo a Tadala: Anganga, anawo si a mayiwa, ndi ana a sukulu ya boma, ndipo dziko akupondalo ndi la anthu amenewo. Muziyamba mwawerenga.

Anganga a ku Sacramento: Ndawerenga mwana wanga. Ndinabwera kuno iwe usanaone ndege.

Nachisale: Pepani ndidutse pakati. Funso la kamwana kaja ndiye poyambira pabwino, chifukwa alipo. Nkhondo za Rogue River zitatha mu 1856 ena anawasamutsira ku Grand Ronde ndi ku Siletz, ku Oregon, ndipo zidzukulu zawo zili konko. Ena ali ku Quartz Valley, kufupi ndi Fort Jones. A Grand Ronde ali ndi maphunziro okonzera ana pa intaneti. Agaweni ana m'timagulu, kagulu kalikonse kakhale ndi funso limodzi lokha, ndipo pa yankho lililonse azilemba kuti ananena ndani. Za chakudya n'zosavuta kuonetsa. Atole ma acorn pansi pa mitengo ya oak, aswe, asinje. Ufa wake ndi wowawa, ndiye eni ake ankauthira madzi mobwerezabwereza mpaka kuwawa kutha, monga timaviikira chinangwa cha kondowole. Koma musawalawitse osafunsa ku ofesi, za ma allergy kuno sasewera nazo.

Sisi Eve: Nonse mukulambalala nkhani yeniyeni. Kukonza phunziro si ntchito ya wothandizira. Mlembereni imelo wogwirizirayo kuti pakhale umboni, kenako kaonaneni ndi wa union. Ine anandidyera masuku pamutu chimodzimodzi ku nyumba ina yosamalira okalamba, ntchito ya nesi malipiro a woyeretsa.

Kondwani R: Atengereni ku Shasta Dam, ndi pafupi ndi Redding pompo, akaone okha.

Bambo a Tadala: Ayi ayi Kondwani, uwasocheretsa! Dera la Redding ndi la a Wintu, a Yana ndi a Pit River. Damu limenelo linamiza midzi ya a Wintu. A Shasta ali kumtunda, ku Siskiyou County. Madamu okhudza iwowo ndi a pa Klamath, Copco ndi Iron Gate, amene anagwetsedwa mu 2024, nsomba za salmon n'kuyambanso kukwera mtsinje. Chaka chomwecho Gavana Newsom analengeza zobwezera Shasta Indian Nation malo oposa maekala 2,800. Komatu boma la Washington silinawavomerezebe ngati fuko.

Kondwani R: Mwaloweza zonsezi koma msonkho wa maliro wa gulu simunapereke.

Nabanda: Mwini funso, giredi chani kodi? Za kuphedwa kwa anthu sungazifotokoze mofanana kwa mwana wa zaka 6 ndi wa zaka 10.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Sisi Eve mwandikhudza, mayi ameneyo ngakhale moni sayankha, amangoloza ndi cholembera.

Nachisale: Ngati Yreka ndi pafupi, kuli Siskiyou County Museum, imbani kaye mufunse za kubweretsa ana. Mungalemberenso ofesi ya fukolo kupempha munthu adzalankhule m'kalasi, koma sukulu ikonze kangachepe, asabwere ulere.

Bambo a Tadala: Awerengenso Roland Dixon, analemba za a Shasta mu 1907, ndi Catharine Holt wa 1946. Kondwani, risiti ya msonkho ndili nayo, ndiyika pano ndikaweruka.

Sisi Eve: Awerenge nthawi yanji, ndipo maola owerengawo alipira ndani?