Amayi osiya kusamba akupindika msana: ndi ukalamba chabe?

Wa ku Bvumbwe: Akuluakulu, tandithandizeni. Amayi ambiri akasiya kusamba amayamba kufupika, msana n'kumapindika. Ena ululu umawagwira atangotula mtolo wa nkhuni, osagwa n'komwe. Ndi ukalamba basi kapena fupa lathyoka?

Namwino, Thyolo: Nthawi zina limakhala lathyokadi, achimwene. Fupa la msana kunja lili ndi chikhungwa chopyapyala, mkati muli timizati tolukanalukana ngati chisa cha njuchi. Mayi akasiya kusamba estrogen (mahomoni achikazi amene amateteza mafupa) amatsika, ndiye thupi limagumula fupa mofulumira kuposa mmene likumangira, makamaka zaka 5 mpaka 10 zoyamba. Timizati topingasa ndi timene timayamba kutha, toimirirato n'kutsala opanda chotigwira. Fupa lotere silithyoka pakati ngati ndodo, limangoprinjika kutsogolo. Awiri kapena atatu akatero, linunda lija layamba. Pamene pamavuta kwambiri ndi pothera nthiti, pa mafupa a msana amene madokotala amawatchula T12 ndi L1. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri sapita n'kuchipatala komwe, amangoti ndi nyamakazi.

Wa ku Chitakale: Kunyumba mutha kuyesa. Aimikeni motsamira khoma, zidendene ndi matako zigunde khomalo. Nkhongo ikalephera kugunda, pali chifukwa chokajambulitsira. Pisaninso zala pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cham'mbali: malowo akachepera zala ziwiri, kapena ngati afupika ndi masentimita 4 kuchokera pa utsikana wawo, apite akajambulidwe msana cham'mbali. Koma samalani, TB ya msana nayo imapinda munthu. Akamatuluka thukuta usiku, kuonda, miyendo kuchita dzanzi kapena mkodzo kutuluka wokha, musadikire mawa.

Namwino, Thyolo: Zoonadi. Mankhwala olimbitsa mafupa alipo, monga alendronate 70 mg kamodzi pa sabata. Amwe m'mawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi, osati tiyi chifukwa amalepheretsa mankhwalawo kulowa m'thupi. Akatero asagone kwa mphindi 30, apo ayi amawotcha kummero. Kashiamu amafunika pafupifupi 1,200 mg patsiku: usipa ndi matemba adye ndi minga yomwe, bonongwe, mkaka ukapezeka. Amene amamwa prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) miyezi yambiri auze adokotala, imadya mafupa. Dengu la tiyi kumsana ndi ndowa pamutu zichepe, ndipo potola chinthu pansi apinde mawondo, asawerame.